Owonera akakana kuti sewero lawo life

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2007, ogwira ntchito ku maofesi a kanema wa CBS ku America anayamba kulandira katundu amene sanaitanitse. Tsiku lililonse kunkatsitsidwa makatoni a mtedza, mpaka wonse pamodzi unakwana matani pafupifupi 20, omwe ndi matumba oposa 300 a makilogalamu 50. Otumiza anali owonera okwiya, ndipo uthenga wawo unali umodzi: bwezerani sewero lathu.

Seweroli linali Jericho, nkhani ya katauni ka ku Kansas komwe anthu akuvutika kupeza polowera mabomba a nyukiliya ataphulitsa mizinda ikuluikulu. CBS inalithetsa litangoonetsedwa chaka chimodzi, ponena kuti owonera achepa. M'gawo lomaliza, mnyamata wotsogolera anthu a m'tauniyo anakana kugonja kwa adani ndi liwu lachipongwe lomwe pa Chingerezi limatanthauzanso mtedza. Okonda seweroli anatola liwulo nkulisandutsa chida. Mu Juni, mkulu wa zamasewero ku CBS, Nina Tassler, analengeza kuti ajambula magawo ena 7, napempha anthu kuti asiye kutumiza mtedza.

Njira yomenyera sewero motere inayamba kale intaneti isanabwere. Kumapeto kwa 1967 kunamveka mphekesera yoti kanema wa NBC akufuna kuthetsa Star Trek, sewero la Gene Roddenberry lonena za anthu oyenda m'mlengalenga, lomwe linayamba mu 1966. Mayi wina wa ku California, Bjo Trimble, ndi mwamuna wake John sanakhale pansi nkumadandaula. Anasonkhanitsa maadiresi a anthu okonda nkhani zopeka za sayansi, nawatumizira malangizo a momwe angalembere mabwana a NBC, ndipo aliyense wolandira anapemphedwa kuuza anzake ena.

Malangizowo ndiwo anaonetsa kuti banjali linkadziwa momwe ofesi imagwirira ntchito. Aliyense alembe kalata yakeyake m'mawu akeake, osati kungosaina chikalata chimodzi. Alembe mwaulemu, osatukwana kapena kuopseza. Ndipo pa envulopu asalembepo dzina la seweroli, chifukwa kalata yotero ikanangopititsidwa kwa ojambula sewero osatsegulidwa nkomwe, pomwe ofunika kuiwerenga anali mabwana ogamula.

Makalata oposa 100,000 anafika. Mu Januwale 1968, ophunzira a ku sukulu ya ukachenjede ya Caltech anachita zionetsero kukafika ku maofesi a NBC ku Burbank atanyamula zikwangwani. Pa 1 Malichi, NBC inachita chinthu chosazolowereka: inalengeza pa kanema pomwepo, sewero litangotha, kuti Star Trek ipitirira.

Chimwemwecho sichinakhalitse. NBC inakankhira seweroli ku Lachisanu 10 koloko usiku, nthawi yomwe achinyamata ambiri amakhala atapita koyenda, ndalama zojambulira zinadulidwa, ndipo mu 1969 linathetsedwa ndithu. Komabe chaka chowonjezeracho chinafikitsa magawo onse pa 79, okwanira kuti makanema ang'onoang'ono azigula nkumabwereza madzulo aliwonse. Kubwerezako nkomwe kunalibweretsera owonera ochuluka kuposa amene linali nawo poyamba. Mu 1972 okonda seweroli anachita msonkhano waukulu ku New York, ndipo mu 1976 makalata awo anachititsa Pulezidenti Gerald Ford kuvomera kuti chombo choyesera cha bungwe la za m'mlengalenga la NASA chitchedwe Enterprise, dzina la chombo cha m'seweromo. Filimu yoyamba ya Star Trek inatuluka mu 1979.

Jericho sinachite mwayi wotero. Magawo 7 aja ataonetsedwa mu 2008, owonera anali ochepabe, ndipo CBS inalithetsanso mu Malichi. Apa ndi pamene panaonekera vuto lenileni. Kanema wamalonda amadalira ndalama za otsatsa malonda, ndipo otsatsa amalipira potengera kuchuluka kwa maso amene ali pa kanemayo. Gulu laling'ono lokonda sewero ndi mtima wonse likhoza kugwedeza ofesi kwa milungu ingapo, koma silingasinthe masamu amenewa.

Okonda sewero la Chuck anaphunzirapo kanthu. Mu 2009, atamva kuti NBC ikukayika zolipitiriza, sanalimbane ndi mabwana a kanema okha. Analunjika kwa Subway, kampani yogulitsa masangweji yomwe inkatsatsa malonda ake m'seweromo. Anagwirizana kuti tsiku loonetsa gawo lomaliza la chakacho aliyense akagule sangweji nkusiya kakalata kofotokoza chifukwa chake wagula. Zachary Levi, yemwe ankasewera ngati Chuck, anatsogolera yekha khamu la anthu kukagula ku Birmingham, ku England. Subway inaona kuti owonerawa ndi makasitomala enieni, inalowetsapo ndalama, ndipo seweroli linapitirira mpaka 2012.

Patapita zaka zochepa, owonera anafika potulutsa ndalama m'thumba mwawo. Sewero la Veronica Mars linatha mu 2007, koma mu 2013 mlembi wake Rob Thomas ndi Kristen Bell, yemwe ankasewera ngati Veronica, anapempha madola 2 miliyoni pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, kuti ajambule filimu. Ndalamazo zinakwana tsiku lisanathe. Pomaliza anthu oposa 91,000 anasonkha madola 5.7 miliyoni, ndipo filimuyo inatuluka mu Malichi 2014.

Masiku ano zimene zinkawatengera a Trimble miyezi yomata masitampa zimachitika pa maola ochepa. Mu Meyi 2018 kanema wa Fox atathetsa sewero lanthabwala la apolisi la Brooklyn Nine-Nine, mkokomo wa pa Twitter unali waukulu, ndipo mawa lake NBC inalengeza kuti yalitenga. Mkokomo wokha sunali chifukwa chonse: kampani yojambula seweroli inali ya m'banja limodzi ndi NBC, choncho phindu linali loonekeratu.

Sabata yomweyo Fox inathetsanso Lucifer. Okonda seweroli, omwe ambiri anali kunja kwa America, anachita phokoso kwa mwezi wathunthu, ndipo nthawi ino panali wogula amene amawerengera owonera a dziko lonse lapansi, osati a ku America okha. Netflix inalitenga mu Juni 2018, nkujambula magawo a zaka zina zitatu pamwamba pa zaka zitatu zomwe Fox inaonetsa. Seweroli linatha mu 2021, pa mathero amene alembi ake anakonza okha.