Mabuku Oseka Boma la Atsamunda

Pa nyengo yosankha fodya, pamene banja litandala m'chigafa kufikira mdima, sipalephera nkhalamba yokumbutsa za masiku a Nyasaland: za msonkho wa nyumba, za amesinjala a ku boma la Kasungu, ndi za amuna amene anagona kuthengo powathawa. Zinali zowawa ndithu, koma wofotokozayo aseka, ndi omvera omwe aseka naye. Tsono dziwani kuti kunja kuli alembi amene apanga mabuku athunthu ndi kuseka kotereku. Nthano zawo nzopeka, za wapolisi wofufuza mlandu m'dziko lolamulidwa ndi Angerezi.

Mmodzi wa iwo ndiye Michael Pearce, amene anakulira ku Sudan. M'chaka cha 1988 anatulutsa buku loyamba la Mamur Zapt, ndilo dzina la udindo wa mkulu wa apolisi achinsinsi mu mzinda wa Cairo, ku Ejipito, nkhondo ya 1914 isanabuke. Mkuluyo, Gareth Owen, ali ndi asilikali ndi mapepala a boma, koma mzindawo suulula kanthu kwa iye pokhapokha atakhala pansi ndi kumvera anthu wamba. M'buku lina alendo olemera asowa pakhonde pa hotela ya Shepheard's anthu akuona, ndipo mkulu wa apolisi ayenera kukafunsa anyamata obwereketsa abulu.

Wina ndiye Abir Mukherjee, amene buku lake la 2016, A Rising Man, likamba za Calcutta, ku India, m'chaka cha 1919. Mmenemo sajeni wachimwenye, Surendranath Banerjee, munthu wophunzira kwambiri, amutcha Surrender-not chifukwa lilime la mabwana ake linalephera dzina lake. Ife izi sizitidabwitsa. Kodi Thyolo sanalembedwe Cholo, ndi Nkhotakota kusanduka Kota Kota?

Chimene chitiseketsa m'mabukuwa ndi ichi: wolamula ali ndi mfuti, koma alibe makutu. Afunsa kudzera mwa womasulira, nayankhidwa kudzera mwa yemweyo, ndipo chimene chatayika pakati iye sachidziwa. Taganizani za kuno kwathu, kumalire a Kasungu ndi Mzimba, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zikumana pamsika umodzi. Mboni ilankhula Chitumbuka, woimbidwa mlandu ayankha m'Chichewa, bwana alemba m'Chingerezi. Pakati pa onse atatu paima kalaliki mmodzi, amene mwina woimbidwa mlanduyo ndi mlamu wake! Ndipo chiyambire 1926, pamene boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iyang'anire alimi a fodya ndi misika yawo, milandu ya sikelo ndi mitengo inali yokwanira kudzaza mabuku.

Koma tinene mosabisa: m'mabuku onse awiri wofufuza wamkulu ndi mzungu, ndipo owerenga ayenda pambuyo pake. Kuseka kwa m'chigafa nkosiyana, pakuti kuchokera kwa amene anabisala m'nkhokwe mesinjala ali pakhomo. Nkhalamba zimene zinaona izi ndi maso 1964 isanafike zatsala zowerengeka. Inu ana a sukulu, usiku uno tengani kope ndi pensulo, mukhale pafupi ndi agogo, muwafunse kuti: “Kodi agogo, mesinjala uja atafunsa kumene kuli bambo, amayi anayankha chiyani?”