Kusaka Mnzanga Wovina Naye Rumba

Ndili mtsikana ku Dedza, pa chimtali sitinkafunsana kuti uvina ndi ndani. Ng'oma ikalira unkangomanga chitenje n'kulowa m'bwalo. Kuno ku Manchester, kumene ndakhala zaka 8 pa ntchito ya unamwino, ndi kumene ndinadziwira kuti kuli magule ena oti wekha sungavine, ngakhale utaloweza sitepe iliyonse.

Magule ake amawatcha a Latin, ndipo pa mpikisano amakhala asanu: cha-cha-cha ndi rumba ochokera ku Cuba, samba ya ku Brazil, paso doble yotsanzira masewera olimbana ndi nkhunzi a ku Spain, ndi jive yomwe mizu yake ili kwa anthu akuda a ku America. Rumba yake si ija ya ku Congo timatimba nayo chiuno pa zikwati. Iyi ndi yodekha kuposa magule anayi enawo, ndipo ukamawerenga mpaka 4, phazi limanyamuka pa 2, osati pa 1. Zimenezi zokha zinanditengera miyezi itatu.

M'kalasi mwathu tinalimo akazi 11, amuna atatu. Mphunzitsi ankatizungulitsa ngati pa chigayo, aliyense kudikira nthawi yake. Pa kalasi zimatheka ndithu. Koma ukafuna mpikisano umafunika mnzako mmodzi wokhazikika, amene adzavale nambala kumsana inu awiri mukamalowa m'bwalo. Ndiye umalengeza, pa bolodi la pasukulu yovinira kapena m'magulu a pa Facebook: msinkhu wako uli osavala nsapato, zaka, giredi yako, dera lomwe ukukhala, ndi masiku amene ungapezeke pa sabata. Akakuyankha mumapangana tsiku loyesana.

Woyamba kuyesana naye anali mnyamata wovina kuyambira ali mwana, waluso kundiposa kutalitali. Tisanathe n'komwe nyimbo imodzi, phewa langa linali litayamba kuwawa. M'magule amenewa nthawi zambiri mumagwirana dzanja limodzi lokha, lamanzere la mwamuna ndi lamanja la mkazi, ndipo m'dzanja limenelo ndi momwe mumadutsa uthenga wonse. Mwamuna akasuntha thupi lake kuchoka pa mwendo wina kupita pa wina, iwe umamva m'zala, n'kudziwa kuti pano ndibwerere, pano nditembenuke. Wodziwa amatsogolera ndi thupi, mkono umangotsatira. Mnyamatayu ankatsogolera ndi mkono. Pa sitepe ija amati alemana, pomwe mkazi amazungulira kunsi kwa mkono wa mwamuna, anandipukusa ngati akupukusa mjigo. Nditaphonya anati, "Bwerezani," maso ali pa galasi, akudziyang'ana yekha.

Wachiwiri dzanja lake linali labwino, koma anali wamtali mopitirira. Ngakhale nditavala nsapato zagogoda za masentimita 7, mkono wanga unkakhala m'mwamba ngati mwana wowolotsedwa msewu. Komanso ankakhala ku Leeds ndipo ankafuna kuyeserera kanayi pa sabata. Ine wogwira mashifiti a usiku? Tinasiyana bwinobwino.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife ophunzira okha. Akatswiri amadumpha malire a mayiko posaka mnzawo. Bryan Watson, wobadwira ku South Africa, anakapeza Carmen Vincelj wa ku Germany, ndipo awiriwa anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa magule a Latin kuyambira 1999 mpaka 2007. Riccardo Cocchi ndi wa ku Italy, Yulia Zagoruychenko ndi wa ku Russia, koma ankavinira dziko la America. Asanabwere onsewa kunali Donnie Burns wa ku Scotland ndi Gaynor Fairweather, omwe anapambana ka 14.

Nkhani ya ndalama anthu amaizemba pa tsiku loyamba, koma ndi imene imapha magulu ambiri. Mphunzitsi amalipidwa pa ola, chipinda choyesereramo chili ndi mtengo wake, nsapato zake ndi zapadera, zachikopa chofewa kunsi zomwe umazikanda ndi kaburashi kawaya kuti usaterereke. Kodi mugawana pakati? Nanga wina akalephera kubwera, alipire ndani? Chokhacho chomwe ndimapulumuka ndi mankhwala aja anzathu achizungu amadzipopera kuti khungu lide pa tsiku la mpikisano. Ine ndinabadwa nditapopera kale.

Ndiye pali za kumudzi. Mayi ataona pa WhatsApp kavidiyo ndikuvina ndi mnzanga amene ndinadzamupeza pamapeto pake, anaimba usiku womwewo. "Iwe, mwamuna akukugwira m'chiunoyo ndani? Bambo a ana akudziwa?" Ndinati, "Amayi, amene anajambulayo ndi bambo a ana omwewo." Anangoti "Hmm," n'kuyamba kufunsa za mvula ya kuno. Sindiwanena. Rumba imaonetsa ngati anthu awiri ali m'chikondi, ndipo ena amakwatiranadi. Ine ndi mnzangayo tinagwirizana poyera kuti amuna anga ndi akazi ake adziwane kaye, ndipo tinadyera limodzi nsima kwathu tisanalipire phunziro loyamba.

Mnzangayo ndi bambo wa ku Poland woyendetsa basi, wazaka 46, wamfupi pang'ono, ndipo pa samba mawondo ake ndi ouma ngati anga. Pa tsiku loyesana anaphonya sitepe, n'kuima, n'kunena kuti, "Pamenepa ndalakwitsa ndine. Munamva chiyani m'dzanja?" Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Nayenso amagwira mashifiti, choncho mwezi ukamayamba timayala mapepala athu a ntchito pa tebulo n'kusaka maola ogwirizana. Tinapanganso lamulo loti tikasemphana pa sitepe, osakangana kupitirira nyimbo imodzi. Nkhaniyo timaisungira mphunzitsi Loweruka.

Chaka chatha tinakwera sitima kupita ku Blackpool, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo, kukaonera chikondwerero cha magule chomwe chinayamba mu 1920. M'holo ya Empress Ballroom, ku Winter Gardens, magulu ankalowa ambirimbiri nthawi imodzi, oweruza ataima m'mbali ndi mapepala. Ine ndinkayang'ana madiresi. Iye ankayang'ana mapazi, akuwerenga chapansipansi m'chinenero chakwawo. Pobwerera tinalembetsa mpikisano wa oyamba kumene, wa cha-cha-cha ndi jive basi. Watsala masabata 6, ndipo pa jive timathabe nyimbo ine ndikuwefuka, iye akupepesa chala changa chaching'ono.