Seva yopanga nokha ikayamba kuzima, yambani mwaona fumbi

TETE — M'masitolo ojambula zithunzi ndi m'maofesi ang'onoang'ono a m'chigawo chino muli amisiri amene amatenga kompyuta yakale, kuikamo madisiki awiri, n'kuisandutsa seva, nkhokwe ya mafayilo a onse ogwira ntchito pamalopo. Imayenda bwino mpaka Okutobala, pamene kutentha mumzinda wa Tete kumafika madigiri 40. Ikayamba kuzima yokha, mwini wake amathamangira kufufuta pulogalamu yoyendetsa makinawo kuti aikemo ina, ndipo apa ndi pamene zithunzi za ukwati za makasitomala zimatayika.

Kawirikawiri pulogalamuyo imakhala yosalakwa. Cholakwa chimakhala fumbi lotseka fani, chingwe cha SATA chogwedera, kapena kabokosi kogawa magetsi kamene kafooka ndi kuthimathima. Disiki imalemba yokha mbiri ya matenda ake, yotchedwa SMART, ndipo ndiyo yoyenera kuwerengedwa poyamba. Memtest86 ikasiyidwa usiku wonse imaulula RAM yowonongeka.

Zimenezi zikakhala bwino, mpamene munthu angasankhe pulogalamu. TrueNAS, imene inayamba mu 2005 ndi dzina la FreeNAS, imagwiritsa ntchito ZFS yozindikira fayilo yovunda, koma imafuna RAM yosachepera 8 GB. Makina akale a 4 GB amapepukidwa ndi OpenMediaVault, yomangidwa pa Debian. Zonsezi n'zaulere, ndipo makompyuta a Windows amaziona kudzera mu Samba.

Madisiki awiri a m'bokosi limodzi amapsera pamodzi mphezi ikagwa. N'chifukwa chake amisiri ochenjera amakopera mafayilo pa disiki yachitatu, n'kukagona nayo kunyumba.