Kutula Nkhawa kwa Mulungu Pamene Mvula Yadula

Mu Marichi 2024 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi, makamaka chifukwa cha ng'amba imene inadza ndi El Niño, kumene ndi kutentha kopitirira muyeso kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza kagwedwe ka mvula kuno kummwera kwa Africa. Mlimi amene anagaula mizere nthawi yabwino, nathira feteleza wogula pa ngongole, anaona masamba a chimanga chake akupindika ngati anyezi dzuwa likuswa mtengo, ndipo panalibe khasu kapena mtsutso umene ukanakoka mtambo. Apa ndi pamene chiphunzitso cha Chikhristu pa za nkhawa chimayesedwa koposa.

Mawu a Chigiriki amene Chipangano Chatsopano chimagwiritsa ntchito ponena za nkhawa ndi merimna, ndipo akatswiri ena amawagwirizanitsa ndi mawu otanthauza kugawa, popeza munthu wankhawa mtima wake umakhala pawiri, thupi lili m'munda wa lero koma maganizo ali pa nkhokwe ya mwezi wa Febuluwale. Mawuwa ndi amene ali pa Mateyu 6, pamene Yesu akulozera omvera ake ku mbalame ndi maluwa akuthengo, ndiponso pa 1 Petro 5:7, pamene okhulupirira akuuzidwa kusenzetsa Mulungu katundu wawo. Chofunika kuchizindikira n'chakuti Paulo, m'kalata imene analembera Afilipi ali m'ndende, akuletsa nkhawa m'mutu 4, komabe m'mutu 2 akuyamikira Timoteo ndi mawu omwewo chifukwa chosamala za mpingo. Choncho chimene chikuletsedwa ndi kuzunzika mtima pa zinthu zimene sizili m'manja mwa munthu, pamene kusamala kumene kumabala ntchito kukuyamikiridwa.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa mawu akuti "Mulungu ndiye akudziwa", amene amamveka pa maliro ndi m'mizere ya kuchipatala, amatha kukhala mpumulo weniweni, komanso amatha kusanduka chobisaliramo cha munthu amene wagwa ulesi. Mlimi wokhulupirira amabzalabe mbatata ndi chinangwa zimene zimapirira chilala, amatsikira kudimba ndi ndowa yake, amasunga mbewu ya chaka chamawa ngakhale ana akulira njala, kenaka za mitambo amazisiya kwa Mwini wake m'pemphero, nagona tulo. Pemphero lotero, monga Paulo akulifotokozera, limatchula chosowacho ndi dzina lake ndipo limatsagana ndi chiyamiko, pakuti kukumbukira zaka zina za njala zimene banja linapulumuka kumachepetsa mantha a chaka chino.

Kutula nkhawa kawirikawiri kumachitika pagulu. M'miphakati ya Akatolika, ndiyo timagulu ta mabanja oyandikana topempherera pamodzi, ndi m'misonkhano ya amayi a Mvano, munthu amanena poyera chimene chikumudya mtima, ndipo nthawi zambiri pempherolo limatsatidwa ndi mbale ya ufa yochokera kwa mnansi. Komabe pali nkhawa ina imene imafika posowetsa munthu tulo kwa milungu yambiri, kumulanda chilakolako cha chakudya, ngakhale kumuganizitsa zodzipha. Imeneyo ndi matenda, ndipo abusa ndi akulu a mpingo amachita bwino akamapempherera wodwalayo n'kumuperekezanso kwa achipatala odziwa za matenda a maganizo, monga a St John of God ku Mzuzu kapena a chipatala cha boma ku Zomba.