Aneni Oyenda Awiriawiri m'Chingerezi

Pali anthu ambiri amene anakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, amene angathe kulemba kalata yofunsira ntchito popanda cholakwa, koma amangoti kakasi pamene mwini chiyankhulocho awatuma kanthu kakang'ono m'khitchini, m'chipatala kapena m'galaja. Chodabwitsa n'chakuti mawu amene amawazunguza mutu si aatali kapena achilendo ayi. Ndi aneni aafupi monga "put", "take", "pick", "turn" ndi "throw", amene ngakhale mwana wa kupulayimale amawadziwa. Vuto limayamba pamene mneni wotere atsagana ndi kaliwu kakang'ono monga "up", "down", "on", "off", "in", "out", "away" kapena "back". Awiriwo akakumana amabala tanthauzo limodzi, ndipo nthawi zina tanthauzolo silifanana ndi la mneniyo ali yekha. Akatswiri a Chingerezi amatcha aneni oterewa kuti "phrasal verbs", ndipo m'nkhani ino atchedwa aneni oyenda awiriawiri.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg akauzidwa kuti "put the meat away", ayenera kusunga nyamayo pamalo ake, monga m'firiji. Koma iye akasokoneza mawuwa ndi akuti "throw the meat away", ndiwo za banja lonse zipita kudzala, mwinanso ntchito yake ithera pomwepo. Munthu wosamalira okalamba ku Birmingham akauzidwa kuti "turn the heater down", ayenera kuchepetsa kutentha kwa mbaula yamagetsi. Akamva ngati anena kuti "turn the heater off" n'kuizimitsiratu, nkhalamba ija igona ndi chisanu usiku wonse. Motero kusiyana kwa ntchito yogwirika bwino ndi ntchito yowonongeka kumagona pa kaliwu ka malembo ochepa chabe.

Eni ake a Chingerezi anazindikira vutoli kalekale. Samuel Johnson, polemba mawu oyamba a dikishonale yake yotchuka imene inatuluka ku London mu 1755, anavomereza kuti aneni amtunduwu ndiwo amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Dzina lakuti "phrasal verb" linawanda kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith lotchedwa Words and Idioms, la mu 1925, ndipo mwiniwakeyo ananena kuti analimva kwa Henry Bradley, mmodzi wa akonzi a dikishonale yaikulu ya Oxford. Mu 1975 A. P. Cowie ndi R. Mackin anatulutsa buku lathunthu la matanthauzo a aneni oterewa, chizindikiro chakuti nkhaniyi si yaing'ono.

Gwero la chisokonezo lili m'mbiri ya chiyankhulocho. Chingerezi chili ngati nkhokwe ya zipinda ziwiri. M'chipinda china muli mawu akale a makolo a Angerezi, ndipo ambiri mwa aneni aafupi aja pamodzi ndi timawu totsagana nawo ali m'menemo. M'chipinda chinacho muli mawu ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini, amene anachuluka Anormani atagonjetsa dziko la England mu 1066. Chifukwa cha ichi ntchito imodzi imakhala ndi mawu awiri. Kuzimitsa moto ndi "extinguish" komanso "put out". Kuchotsa chinthu pamene chili ndi "remove" komanso "take off". Kulumikiza zigawo za chinthu ndi "assemble" komanso "put together". Kutaya chosafunika ndi "discard" komanso "throw away". Mawu aataliwo amapezeka kwambiri m'mabuku, m'malamulo ndi m'makalata a boma, pamene aafupiwo ndiwo ali pakamwa pa anthu tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene Chingerezi chake anachipeza m'mabuku amadziwa bwino chipinda chachiwiri, koma choyambacho amangosuzumiramo.

Komabe palibe chifukwa chotayira mtima. Mu 2007 akatswiri awiri, Dee Gardner ndi Mark Davies, anafufuza aneni oterewa m'nkhokwe ya mawu yotchedwa British National Corpus, imene ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni olembedwa ndi oyankhulidwa. Iwo anapeza kuti aneni 20 okha, potsagana ndi timawu 8, ndiwo amapanga zoposa theka la malo onse amene aneni oyenda awiriawiri anapezeka. Ndiye kuti munthu safunika kuloweza masauzande a mawu. Chofunika ndi kumvetsa aneni ochepa ndi timawu tochepa, ndi kudziwa mmene timawuto timagwirira ntchito.

Apa woyankhula Chichewa ali ndi mwayi umene kawirikawiri sauzindikira, pakuti chiyankhulo chake chimachita zomwezo m'njira yakeyake. Mneni wakuti "ika" amasanduka "ikapo" kapena "ikamo", ndipo "chotsa" amasanduka "chotsapo" kapena "chotsamo". Mayi akati "vundikira mphikawo, ikapo chivundikiro", Mngerezi amati "put the lid on". Akati "ikamo mchere", Mngerezi amati "put the salt in". "Chotsapo" ndi "take off", ndipo "chotsamo" ndi "take out". Kusiyana kwake n'kwakuti Chichewa chimamata kachigawoko kumapeto kwa mneni, pamene Chingerezi chimakasiya kataima pakokha. Chichewa chilinso ndi njira yobwezera m'mbuyo ntchito imene inachitika: kuvala ndi kuvula, kutseka ndi kutsegula, kumata ndi kumatula, kuyala ndi kuyalula, kusanja ndi kusanjula. Nthawi zambiri Chingerezi chimachita zimenezi posintha kaliwu kaja, mwinanso ndi mneni yemwe. Kuvala malaya ndi "put on", kuwavula ndi "take off". Kupachika nsalu pachingwe ndi "hang up", kuitsitsa ndi "take down".

Tsono njira yabwino ndiyo kuphunzira timawuti tiwiritiwiri, kaliwu ndi kotsutsana nako. "On" ndi "off" timanena za kukhudzana ndi kulekana: chipewa chikakhala pamutu ndi "on", chikachoka ndi "off". Timawu tomweti ndito timanena za kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi, wayilesi kapena injini, ndiponso kutsegula ndi kutseka mpopi wa madzi, monga m'mawu akuti "turn on" ndi "turn off". "Up" ndi "down" timanena za kukwera ndi kutsika: kutola chinthu pansi ndi "pick up", kuchitula ndi "put down". Kuchokera pamenepo timawuti timanenanso za kuwonjezera ndi kuchepetsa, kotero kukweza mawu a wayilesi ndi "turn up", kuwatsitsa ndi "turn down". "In" ndi "out" timanena za kulowa ndi kutuluka: kulowetsa pulagi pakhoma ndi "plug in", kuzula msomali ndi "pull out", kukhuthula madzi ndi "pour out". "Away" kamasonyeza kuti chinthu chachoka pamaso, ndipo "back" kamasonyeza kuti chabwerera kumene chinachokera, monga "give back", kubweza kwa mwini, ndi "put back", kubwezera pamalo ake.

Kaliwu ka "up" kali ndi ntchito inanso imene ophunzira ambiri saidziwa. Nthawi zina sikanena za kukwera konse, koma kamasonyeza kuti ntchito yachitika kotheratu. "Drink up" ndi kumwa mpaka kugugudiza. "Use up" ndi kugwiritsa ntchito chinthu mpaka kutha. "Fill up" ndi kudzaza mpaka pakamwa. "Lock up" ndi kukhoma zitseko zonse poweruka. "Tear up" ndi kung'ambang'amba pepala, pamene "tear off" ndi kung'ambako kachidutswa. Chichewa chimanena zoterezi pobwereza tsinde la mneni kapena powonjezera "-ratu", monga mu "kung'ambiratu". Mneni wakuti "cut" amaonetsa bwino mphamvu ya timawuti. "Cut up" ndi kuduladula, monga nyama yokazinga. "Cut down" ndi kugwetsa mtengo. "Cut off" ndi kudula nthambi n'kuilekanitsa ndi thunthu. "Cut out" ndi kudula chithunzi m'nyuzipepala. Mpeni kapena nkhwangwa ndi yomweyo, koma kaliwu ndiko kakunena chimene chatsala ntchito itatha.

Pali lamulo limodzi la kasanjidwe ka mawu limene aliyense ayenera kulisunga. Chinthu chimene chikuchitidwa ntchitoyo chikatchulidwa ndi dzina lake, dzinalo lingathe kukhala pakati kapena kumapeto. "Pick up the bucket" ndi "pick the bucket up" onsewa ndi olondola. Koma m'malo mwa dzina mukalowa mlowam'malo monga "it" kapena "them", malo ake ndi pakati basi. Anthu amati "pick it up", sanena kuti "pick up it". Amati "take them off", sanena kuti "take off them". Woyankhula Chichewa sayenera kudabwa, pakuti nayenso amalowetsa chinthucho m'kati mwa mneni ponena kuti "ndachitola" kapena "ndazivula". Dzinalo likakhala ndi mawu ambiri olifotokoza, kaliwu kamafulumira kubwera pafupi ndi mneni wake kuti womvera asakaiwale: "put away the plates that were used last night".

Lamuloli lili ndi malire. Aneni ena amatsagana ndi mperekezi weniweni, ndipo awiriwo salekanitsidwa. Kufunafuna chinthu ndi "look for", kuchisamalira ndi "look after", ndipo pano mlowam'malo amabwera kumapeto: "look for it", "look after them". Madikishonale abwino a ophunzira amasonyeza aneni olekanitsika ndi osalekanitsika, choncho ndi bwino kuona zimenezi nthawi yomweyo pamene mneni watsopano wapezeka.

Zolakwa zina n'zofala kwambiri m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nalo. Choyamba ndi kusiya kaliwu kaja. Munthu amati "I will pick you at five", pofuna kunena kuti adzabwera kudzamutenga mnzake. Koma "pick" ali yekha amatanthauza kusankha kapena kuthyola, monga zipatso ndi maluwa. Kutenga munthu pagalimoto ndi "pick up". Chachiwiri ndi mawu akuti "put off the light". Kwa Angerezi ambiri "put off" ndi kukankhira chinthu m'tsogolo, monga msonkhano. Kuzimitsa nyale ndi "turn off", "switch off" kapena "put out". Chachitatu chimachokera ku mneni wa Chichewa wakuti "kuvala", amene m'Chingerezi ali ndi mawu awiri. "Put on" ndi ntchito ya kamphindi yolowetsa thupi m'chovala, pamene "wear" ndi kukhala utavala. Chachinayi n'chochititsa manyazi: "throw away" ndi "throw out" ndi kutaya, koma "throw up" ndi kusanza.

Vuto lina lili m'makutu. Mwini chiyankhulo salekanitsa mawuwa poyankhula. "Pick it up" amamveka ngati liwu limodzi, "pikitapu", ndipo "take it off" amamveka ngati "tekitofu". Chothandiza n'chakuti m'ziganizo zoterezi mphamvu ya mawu imagwera pa kaliwu kotsiriza. Womvera wayilesi kapena woonera kanema angadziphunzitse kutchera khutu ku mathero a chiganizo, pakuti ndiko kuli uthenga. Ndipo ngati kaliwuko sikanamveke, kufunsa kuti "on or off?" si uchitsiru. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi aneniwa angaphunziridwe motani kuti akhazikike? Kuloweza mndandanda wa aneni onse oyamba ndi "put" tsiku limodzi kumangosokoneza mutu, chifukwa amafanana kwambiri. Njira yabwino ndi yophunzira ndi manja. M'zaka za m'ma 1960 James Asher, katswiri wa za maganizo ku San José m'dziko la America, anakonza njira yophunzitsira yotchedwa Total Physical Response, m'mene mphunzitsi amalamula ndipo wophunzira amayankha pochita chimene wauzidwacho. Njirayi sifuna buku kapena ndalama. Anthu awiri, kapu, chipewa ndi dengu n'zokwanira. Wina anene kuti "pick the cup up", mnzakeyo atole. "Put it down", atule. "Turn it over", aitembenuze. "Put the hat on", avale. "Take it off", avule. Kenaka asinthane. Munthu amene ali yekha angathe kumatchula chamumtima ntchito iliyonse imene manja ake akugwira, kuyambira potsegula zenera m'mawa mpaka pozimitsa nyale usiku. Polemba m'kope, ndi bwino kusanja aneniwa potsata malo: a kukhitchini paokha, a kumunda paokha, a kuntchito paokha, asanu kapena asanu ndi mmodzi pa sabata.

Phindu la kuyamba ndi ntchito za manja limaoneka pambuyo pake. Aneni omwewa ndiwo amanenanso zinthu zosagwirika. Amene wadziwa kutola kapu ndi "pick up" savutika kumva kuti munthu angathe kutola chiyankhulo, ndiye kuti kuchiphunzira mongomvera. Amene wadziwa kupachika jekete ndi "hang up" amamvetsa chifukwa chake kudula lamya kumatchedwa chimodzimodzi, popeza pa matelefoni akale cholankhulira chinkapachikidwadi pa kangowe munthu akatha kuyankhula. Tanthauzo la manja ndilo muzu, ndipo matanthauzo enawo ndi nthambi zake. Wophunzira amene atenga aneni asanu pa sabata, n'kumawachita ndi manja ake ndi kuwatchula ndi pakamwa pake, pakutha pa chaka adzakhala ndi aneni oposa 250. Pang'onopang'ono ndi mtolo.