Kupindika kwa loda ya thalakitala

Loda ndi chipangizo chonyamulira katundu chomwe chimamangidwa kutsogolo kwa thalakitala. Chimakhala ndi mikono iwiri yachitsulo, paipi yopingasa yolumikiza mikonoyo, masilinda a haidiroliki ndi baketi. Loda iliyonse imapindika pang'ono ikanyamula katundu. Kupindika kotere sikusonyeza vuto ngati chitsulo chikubwerera m'malo mwake katunduyo akatsitsidwa. Vuto limakhalapo pamene sichikubwereranso.

Chifukwa chake chitsulo chimapindika

Mu 1678 Robert Hooke wa ku England anafalitsa lamulo lakuti chinthu chimatamuka molingana ndi mphamvu imene ikuchikoka. Choncho katundu akawirikiza kawiri, mkono wa loda umapindikanso kawiri, ndipo umawongoka akachotsedwa. Lamuloli lili ndi malire. Katundu akapitirira malirewo, chitsulo chimakhota mpaka kalekale. Chitsulo cholimba ndi chitsulo wamba, zikakhala zofanana kukula, zimapindika pafupifupi mofanana pa katundu mmodzimodzi. Cholimbacho chimangopirira katundu wambiri chisanakhoteretu.

Makampani monga Kubota, John Deere ndi Massey Ferguson amalemba m'mabuku awo makilogalamu amene loda inganyamule. Kawirikawiri manambala amakhala awiri: ya pa mapini a baketi ndi ya pa mamilimita 500 kutsogolo kwake. Yachiwiriyi imakhala yochepa, chifukwa katundu akatalikira mapini amatopetsa mikono kwambiri.

Kugwedera kosachokera m'chitsulo

Zambiri zimene woyendetsa amaona ngati kupindika zimachokera kwina. Matayala akutsogolo amaphwatalala akalemedwa, makamaka ngati mpweya uli wochepa. Mapini ndi mabushi akatha amasiya mpata, ndipo mpata waung'ono pa pini umaoneka waukulu kumapeto kwa baketi. Mabawuti omangira loda ku thalakitala amathanso kumasuka. Baketi ikamatsika yokha pang'onopang'ono, ndiye kuti mafuta akudutsa m'silinda kapena m'valavu.

Kayezedwe

Thalakitala imaimikidwa pa simenti yosalala, matayala ali ndi mpweya wofanana mbali zonse. Baketi imakwezedwa pang'ono ilibe kanthu, ndipo kutalika kwa ngodya zake ziwiri kuchokera pansi kumayezedwa. Kenako katundu amaikidwa pakati pa baketi n'kuyezanso, ndipo akachotsedwa amayeza kachitatu. Ngati ngodya zonse zatsika mofanana, n'kukhalanso zolingana monga poyamba, loda ili bwino. Ngati ngodya imodzi yatsalira pansi, mkono kapena paipi yopingasa yapotoka. Penti yosweka komanso kamzere ka dzimbiri m'mbali mwa powotcherera ndi zizindikiro za mng'alu. Poyeza, munthu salowa pansi pa loda yokwezedwa.

Ntchito za ku Mzimba

Kumwera kwa boma la Mzimba, m'madera monga Jenda, Embangweni, Edingeni ndi Champhira, anthu amalima chimanga, fodya, nyemba ndi mtedza, ndipo ng'ombe ndi chuma chachikulu cha Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Katundu wambiri amanyamulidwa pa ngolo, ndipo mathalakitala ndi ochepa. Ntchito zoyenera loda kumeneko ndi kuwola manyowa m'khola, kupakira mchenga wa kumtsinje, dothi, njerwa ndi zipika za paini zochokera kunkhalango ya Viphya.

Kulemera kwa katunduyu kumasintha ndi nyengo. Mchenga wouma umalemera pafupifupi makilogalamu 1,600 pa kiyubiki mita, koma wonyowa umayandikira 2,000. Motero baketi ya kota ya kiyubiki mita imene imanyamula makilogalamu 400 m'chilimwe imafika pafupifupi 500 m'dzinja. Pa mathalakitala ang'onoang'ono kwambiri, kusiyana kumeneku n'kokwanira kudutsitsa malire.

Zimene zimakhotetsa loda

Pokweza katundu molunjika, loda imatetezedwa ndi valavu imene imatseguka mafuta akapanikizika mopitirira muyeso, kotero loda imangokanika kukweza. Valavuyo siteteza mikono ku mphamvu yochokera m'mbali kapena ku kugunda. N'chifukwa chake loda zambiri zimakhota pozula chitsa ndi ngodya imodzi ya baketi, pogunda chulu ndi liwiro, pokoka ndi tcheni chomangidwa mbali imodzi, kapena pothamanga ndi baketi yodzaza pamsewu wa maenje. Baketi imayenera kuyenda ili pafupi ndi nthaka, ndipo kumbuyo kwa thalakitala kumaikidwa cholemetsa kuti isagudubuzike.

Kukonza

Popeza zipangizo zatsopano zimachokera kutali, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, mng'alu umathera kwa owotcherera apafupi. Kukonza koyenera kumayamba ndi kuboola kabowo pothera mng'alu kuti usapitirire, kenako kuupala ndi girayinda mpaka utatheratu, n'kuwotcherera. Chigamba chochindikala kwambiri chimaumitsa malo amodzi, ndipo mng'alu watsopano umayambira m'mphepete mwake. Mkono wowongoledwa ndi moto wambiri ukhoza kufooka. Kuthira girizi m'mapini pafupipafupi ndi kumangitsa mabawuti kumachepetsa kugwedera kumene kumayambitsa ming'alu.