Agogo anaonera filimu ya bomba, koma anafunsa za sitima

Pa tchuthi cha Khrisimasi ndinapita kwathu ku Likoma. Usiku wina ndinatsegula laputopu pakhonde kuti tionere Oppenheimer, filimu ya 2023 yonena za wasayansi amene anatsogolera ntchito yopanga bomba loyamba la nyukiliya. Agogo anga aamuna, amene anasiya kupha usipa chifukwa cha maondo, anakhala nafe ine ndikuwamasulira.

Filimu itatha anafunsa, "Mdzukulu, zimenezi zikachitika, ife kuno tidzadziwa bwanji?"

Ndinaseka. "Agogo, ndani angataye bomba lake pa Likoma?"

Iwo sanaseke. "Za moto ayi. Ine ndikuganiza za sitima."

Funsoli linandisowetsa tulo. Mafilimu ambiri a nkhondo ya nyukiliya amaonetsa anthu a kumene bomba lagwera. The Day After, imene anthu pafupifupi 100 miliyoni anaionera pa wailesi yakanema ku America mu 1983, ikuchitikira ku Kansas ndi ku Missouri. Threads, ya BBC ya 1984, ikuonetsa mzinda wa Sheffield ukusanduka phulusa. Ife a kutali simutipezamo.

Nkhani imene imayandikira maganizo a agogo ndi buku la Nevil Shute la 1957, On the Beach. Anthu a ku Melbourne sanaone bomba ngakhale limodzi. Mafuta a galimoto atha, ndipo akungodikira mpweya wapoizoni umene ukutsika kuchokera kumpoto. Kudikira kotereku munthu wa pachilumba amakudziwa.

Likoma ndi miyala, mchenga ndi milambe. Chinangwa timalima, nsomba timapha, koma chimanga chambiri, shuga, sopo, mafuta ndi mankhwala a kuchipatala zimabwera pamadzi, makamaka pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay. Tangoganizani sitima itakhala miyezi itatu osabwera chifukwa dziko lonse lilibe dizilo.

Asayansi nawo akuloza komweko. Kafukufuku amene anatuluka mu Nature Food mu 2022, wotsogozedwa ndi a ku yunivesite ya Rutgers, anapeza kuti nkhondo yaikulu ya nyukiliya pakati pa America ndi Russia ingaphe anthu oposa 5 biliyoni ndi njala. Utsi wa mizinda yoyaka ungaphimbe dzuwa kwa zaka, kunja n'kuzizira, mbewu n'kukanika. Chaka chomwecho tinalawako pang'ono: nkhondo ya ku Ukraine, yopanda bomba la nyukiliya, inakweza mtengo wa feteleza mpaka m'midzi yathu.

Komanso Africa sanangokhala woonerera. Mwala wa yureniyamu wambiri umene unapangira bomba la ku Hiroshima mu 1945 unakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo, koma okumbawo mu Oppenheimer simuwaona. Kwathu kuno, mgodi wa Kayelekera ku Karonga, kumpoto kwa nyanja yomweyi, unatulutsa yureniyamu wa magetsi kuyambira 2009 mpaka 2014. South Africa inapanga mabomba asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula yokha, ndipo F. W. de Klerk anaulula zimenezi mu 1993. Malawi inavomereza mu 2022 pangano la United Nations loletsa zida za nyukiliya. Nkhani zoti n'kupangira filimu tili nazo.

Ndinawauza agogo zonsezi mmawa mwake tikumwa tiyi. Anamvetsera, kenako anati, "Ndiye iwe unapita kusukulu, bwanji osalemba yakoyako? Usayambe ndi moto. Uyambe ndi anthu ali pagombe, akuyang'ana kumadzulo."

Tsiku la sitima tinatsikira ku Mbamba limodzi. Agogo anakhala pamwala, ndodo pakati pa miyendo, akuwerenga chapansipansi matumba a chimanga amene anyamata ankatsitsa m'boti. Sanachoke mpaka thumba lomaliza litafika pamchenga.